Mayi Pepani ndi Kalata za Anamfedwa

Nkhani imene inazungulira msewu wonse wa masitolo ndi yakuti Mayi Pepani, aja a pa kauntala ku kampani yosindikiza, ali ndi chibwenzi cha pa intaneti. Ati bambo wina wakunja ankawalembera m'mawa uliwonse n'kumawatchula kuti duwa, ndipo mayiwo mtima utasungunuka anamuuza mawu onse achinsinsi otsegulira makompyuta a pantchito. Ati n'chifukwa chake kampaniyo inatseka milungu itatu. Pomwe nkhaniyi inkafika kwa wometa tsitsi wa pakona, bamboyo anali atasanduka woyendetsa ndege. Pomwe inkafika kwa amayi ogulitsa zikwama za mafoni, anali dokotala wofedwa mkazi, wa nyumba yosanja ndi galu wogona pa pilo.

Bodza lenileni. Analiyambitsa ndi a Inki, oyendetsa makina aakulu kuseri, munthu amene manja ake sanayerepo chilowereni ntchito ndipo pakamwa pake sipatsekeka ngakhale akutafuna. Mayi Pepani ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri. Bondo lawo lakumanzere limalira akamakwera sitepe. Mwamuna ali naye kale kunyumba, dalaivala wopuma ntchito amene khutu limodzi linagona kalekale. Akanafuna wina wowatchula duwa, bwenzi atayamba apeza womva akamuitana kudzadya.

Zoona zake sizikoma kukamba pometetsa, n'chifukwa chake palibe amazikamba.

Mayiwa analowa pa kampaniyo ali mtsikana, ntchito yawo ili yopinda mapepala pa tebulo lalitali la kuseri. Mwini wake nthawi imeneyo anali Bwana Wamkulu, munthu wamfupi, waukali, pensulo kukhutu nthawi zonse, ndiye n'kumazungulira nyumba yonse kufunsa amene wamubera pensulo. Ankasindikiza chilichonse: makadi a ukwati, makalendala, mayeso a sukulu, zikwangwani za mankhwala a makoswe. Malamulo anali nawo ambiri ndipo ankawaiwala yekha, koma limodzi sanaliiwale mpaka tsiku lake lomaliza. Wobwera ndi ntchito ya ukwati adikire pa mzere. Wa sukulu adikire. Koma wobwera kudzasindikitsa pulogalamu ya maliro, kapepala kaja kokhala ndi chithunzi cha malemu, mbiri yake ndi nyimbo zoimba, ameneyo sadikira ndipo safunsidwa mafunso. Makina aime, ntchito yake ilowe.

Atawakweza kuchoka kopinda mapepala kupita pa kauntala, lamulolo linakhala m'manja mwawo, ndipo analisunga kuposa mwini wake. Munthu akangolowa maso ali psuu, envulopu m'manja, iwo ankaimirira n'kunena kuti “Pepani” asanamve n'komwe kuti wapita ndani. Dzina linachokera pamenepo. Tsiku lina anapepesa bambo wina amene maso anangofiira ndi fumbi, atabwera kudzasindikitsa makadi a ukwati wake. Bamboyo anaganiza pang'ono n'kuyankha kuti, “Zikomo mayi, mwina mukudziwapo kanthu.”

Koma ntchito ankaidziwa. Ankatha kudula munthu mmodzi pa chithunzi cha gulu osamusiyira phewa la mnzake. Ankatha kuchotsa botolo m'manja mwa malemu n'kusiya dzanja likuoneka ngati likupereka moni. Kalembedwe ka dzina ankafunsa kamodzi kokha, motsitsa mawu. Achibale akayamba kukangana pa kauntala kuti mkazi woyamba alembedwe kapena ayi, iwo ankawapatsa madzi akumwa, n'kulemba akazi onse awiri ndi zilembo zofanana kukula. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo palibe maliro amene anayenda opanda pepala chifukwa cha iwo. Zimenezi sankadzitama nazo. Ankangozidziwa, ngati mmene munthu amadziwira nambala ya nsapato yake.

Dziko linasintha, anthu anasiya kubwera ndi envulopu. Anayamba kutumiza pa imelo, ena kubwera ndi kafulashi kolendewera pa makiyi. Lamulo lija linangosamuka kuchoka pa khomo kupita pa kompyuta: kalata ya maliro ikafika, itsegulidwe pompo.

Ndiye Lachiwiri lina masana inafika imodzi. “Bambo athu atisiya m'mawa uno. Chithunzi ndi ndondomeko zili m'fayiloyi. Chonde tithandizeni.” Mayi Pepani anadina fayiloyo. Zii. Anadinanso. Zii. Ndiye anayankha mwaulemu wonse: “Pepani kwambiri ndi zovuta zakugweranizi. Fayilo ikukana kutseguka, tumizaninso.” Wakuba amene analemba kalatayo, kulikonse kumene anali, analandira chipepeso chake chonse, mwina miyendo ili pa tebulo, akumwa tiyi.

M'mawa mwake makompyuta onse asanu ndi imodzi anadzuka atasokonekera mutu. Mafayilo onse anali atasanduka zilembo zosawerengeka, ndipo pa sikirini panali uthenga woti kampani ipereke dipo ngati ikufuna zinthu zake. Abwana anakana. Ntchito za zaka khumi ndi ziwiri zinapita choncho: zizindikiro za makampani, mayeso amene anali oti atuluke sabata imeneyo, ndi nkhope za malemu mazanamazana zimene mayiwa anakonza ndi dzanja lawo.

Abwanawa ndi mwana wamkazi wa Bwana Wamkulu, amene anatenga kampani bambo ake atamwalira. Mayi Pepani anawapukutapo mamina pa tebulo lopindira lija. Pagulu amawatchula kuti abwana, akakhala awiri amati mwanangu. Tsiku limenelo abwana sanakalipe. Anangokhala pa katoni ya mapepala, manja kumutu, n'kufunsa kuti, “Amayi, munthuyo mumamudziwa?”

“Ayi.”

“Nanga munatseguliranji?”

“Anati bambo ake amwalira.”

Patatha sabata, abwana anabweretsa katswiri wa chitetezo cha makompyuta, bambo woonda wa magalasi, waulemu mpaka kutopetsa. Mawu ake oyamba, apakati ndi omaliza anali amodzi, moti pofika masana aliyense ankamutchula kuti a Musadine. Tsiku loyamba anayenda tebulo ndi tebulo kunyamula makiyibodi, ndipo pansi pa iliyonse anapeza kapepala ka mawu achinsinsi. Onse anali ofanana: dzina la galu wa Bwana Wamkulu. Galuyo anafa kalekale, koma anali akulonderabe kampani.

A Musadine anagwira ntchito, tisawanamizire. Aliyense anamupatsa mawu achinsinsi akeake, aatali ngati njanji. Kulowa mu kompyuta kunayamba kufuna nambala yobwera pa foni ya mwini wake, ndipo makina aakulu osindikizira anawamangirira ku foni ya a Inki. Mabowo olowetsera fulashi anawatseka onse. Ntchito zonse zinayamba kukoperedwa kwina tsiku lililonse. Kenako anamata pepala pafupi ndi kauntala: kalata yochokera kwa munthu wosadziwika isatsegulidwe. Imbani foni kaye, mufunseni dzina, amene wamutuma, ndi chimene chili m'fayilo. Akapanda kuyankha, tumizani kalatayo kwa katswiri, ndipo dikirani.

“Ngakhale ya maliro?” anafunsa Mayi Pepani.

“Makamaka ya maliro, mayi. Akubawo aona kale khomo limene limatseguka pano.”

“Ndiye ndimufunse munthu woti mtembo uli m'nyumba kuti andiuze amene wamutuma?”

A Musadine anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. “Mwaulemu, mayi. Mutha kufunsa mwaulemu.”

Sizinathere pamenepo. Katswiriyo ananena kuti azitumiza yekha makalata abodza, onga a akuba, nthawi imene wafuna, pofuna kuona amene akodwe. Ukadina, sikirini imafiira n'kulemba kuti “Mwakodwa.” Sukulu zimene zimasindikitsa mayeso pamenepo zinali zitachenjeza kuti zikachitikanso zichoka, ndipo popanda sukuluzo kampani palibe. Choncho abwana analengeza maso ali pansi: wokodwa katatu achoka pa kompyuta. Kwa ena zimenezi zinali zopepuka. Kwa Mayi Pepani, kuchoka pa kompyuta ndi kuchoka pa kauntala.

Poyamba zinkaoneka ngati masewera. Kalata yoti mwapambana galimoto, mayiwa anaifufuta akuyasamula. Yoti katundu wanu wagwidwa pa doko, anati ine wonditumizira katundu ndani. Ya bambo wofuna mkazi woopa Mulungu, anaiwerenga mokweza, aliyense n'kuseka. A Inki ndi amene anakodwa sabata yoyamba yomwe, ndi kalata yolonjeza zithunzi za mtsikana wosungulumwa, ndipo anauza abwana kuti chala chinaterereka ndi girisi. Muone tsono amene anadzayambitsa nkhani ya chibwenzi.

Kenako a Musadine anatumiza ya maliro. Mayi Pepani anadina asanamalize n'kuwerenga komwe. Sikirini psuu. Patatha milungu iwiri inabwera ina, ya mwana wakhanda. Anayang'ana pepala lomata lija, anayang'ana foni, chala n'kupita chokha. Psuu kachiwiri.

Abwana anawaitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. “Amayi, ndakupemphani. Kwatsala kamodzi. Musandichititse chinthu chimene sindikufuna.”

“Ndamva, mwanangu.”

Madzulo ake anafika kunyumba amuna awo akukonza wailesi imene akhala akuikonza chaka chachitatu tsopano. Anazungulira n'kukhala mbali ya khutu lamoyo, n'kufotokoza zonse. Bambowo anaika sikuludalaiva pansi.

“Zimenezo ndiye za pamsewu zenizeni,” anatero. “Umayenda ndi katundu wa eni ake, n'kupeza munthu wagona pakati pa msewu. Sudziwa ngati wagundidwa kapena ndi nyambo, anzake abisala m'tchire.”

“Ndiye munkatani?”

“Kampani inkati tisamaime.”

“Sindikufunsa kampani, bambo. Inuyo munkatani?”

Bambowo anatembenuka pang'onopang'ono, kuwalozetsa khutu logona lija, n'kutolanso sikuludalaiva.

Lachisanu lotsatira, itangokwana folo koloko, kalata ina inagwa. Inali ndi zizindikiro zonse zimene a Musadine anaphunzitsa. Dzina la wotumiza linali zilembo ndi manambala osamveka. Kalembedwe kokhotakhota. Mawu oti “chonde mwachangu” katatu. “Achemwali athu atisiya, kuika ndi mawa teni koloko, tidzatenga mmawa.” Pansi pake nambala ya foni ndi fayilo.

Mayi Pepani anachotsa dzanja pa mausi ngati yatentha. Anaimba nambala ija: yozimitsa. Anaimbanso: yozimitsa. Anatumiza kalatayo kwa a Musadine, ndipo panabwera yankho la makina loti ali kumaphunziro, aona makalata Lolemba. Anaimbira abwana, amene anali ku sukulu ina kukapepesa za mayeso aja, foni n'kungoitana. Anayankha kalatayo kuti, “Pepani, tiimbireni foni,” osadina fayilo. Kenako anakhalira manja awo, enieni, kuwaika pansi pa ntchafu ngati mwana woletsedwa kutola shuga. A Inki podutsa anafunsa ngati akufungatira mazira.  Faifi koloko itakwana mayiwo anazimitsa kompyuta, ndipo ulendo wonse wa mu basi ankadziuza kuti apambana, nthabwala za a Musadine azitulukira.

Loweruka kampani imatsegula theka la tsiku, kauntala yokha, makina aakulu sayenda. Atafika anapeza bambo wachikulire ataima pa khomo, jekete lakuda lomukulira, nsapato zafumbi.

“Ndabwera kudzatenga mapepala a achemwali anga,” anatero. “Mdzukulu anatumiza dzulo.”

Mayi Pepani anatsegula chitseko. M'malo mwa “Pepani” uja amene wakhala akutuluka yekha zaka zonsezi, anangonena za foni.

“Foni inali yozimitsa, bambo.”

“Inatha moto. Kunyumba kuli anthu, aliyense akufuna pobayira yake.” Bamboyo anatulutsa chithunzi m'thumba la jekete. “Ndinangotenga ichi kuti mwina chija sichinaoneke bwino.”

Nkhope anaidziwa. Anali aphunzitsi aakulu aja opuma ntchito amene kwa zaka makumi awiri ankabwera okha ndi mayeso a sukulu yawo m'chikwama cha pulasitiki, n'kumakonza zilembo zolakwika pa zikwangwani za pakhoma ndi cholembera chofiira pamene akudikira.

“Iwo ankanena okha,” anapitiriza bamboyo, osakweza mawu, “kuti tsiku langa likadzafika mudzapite paja, paja safunsa.”

Inali hafu pasiti eyiti. Mayi Pepani anathamangira kuseri, bondo likulira. Makina aakulu anafuna nambala ya pa foni ya a Inki. Anawaimbira kasanu, osayankha; Loweruka m'mawa a Inki amakhala asanabwerere m'thupi mwawo. Fayilo ija, atatumiza kwa katswiri, inali itatsekeredwa kwina kodikirira Lolemba. Zonse zinali zotetezeka bwinobwino. Panalibe wakuba akanalowa, panalibe malemu akanatuluka.

Chimene chinatsala ndi kamakina kakale kojambulira mapepala kapakona, kamene a Musadine sanakakhudze chifukwa sikadziwa n'komwe kuti kunja kuli intaneti. Mayi Pepani anatenga pepala loyera, anamata chithunzi ndi guluu, n'kulemba pamanja dzina, zaka ndi nyimbo zimene bamboyo ankakumbukira, ziwiri zokha. Kamakinako kanatulutsa mapepala makumi asanu, nkhope ya aphunzitsi ili bii ngati yajambulidwa m'chitsime, mzere wakuda utadutsa pamphumi. Anawapinda okha, mofulumira, manja akukumbukira ntchito yawo yoyamba. Bamboyo anayang'ana pepala lapamwamba nthawi yaitali. Sanadandaule. Akanadandaula zikanapepuka. Anangoti “Zikomo, mayi,” n'kutuluka.

Lolemba a Musadine anayankha kuti fayilo ija inalibe vuto lililonse, ndipo anawayamikira Mayi Pepani pamaso pa onse chifukwa chotsata ndondomeko. Anayambitsa kuwomba m'manja. Mayiwo anapita kuchimbudzi n'kukakhalako mpaka m'manja mutatha.

Lachitatu cha m'ma leveni inagwa ina. “Amayi athu atisiya usiku wapitawu. Chithunzi chili m'fayiloyi.” Mayi Pepani anaiwerenga kawiri. Inali yolembedwa bwino kwambiri, mpumiro uliwonse pamalo pake, ndipo munthu wofedwa salemba choncho. Mumtima anadziwa kuti mwa makalata khumi otere, asanu ndi anayi ndi a bambo wa magalasi uja. Anaimba nambala: yozimitsa. Anayang'ana pepala lomata pakhoma. Anayang'ana mpando wa anamfedwa umene uli pafupi ndi kauntala, wa nsalu yobiriwira yothetheka pakati. Anayang'ana chitseko cha ofesi ya abwana, chimene chinali chotseka. Akanatha kugogoda. Koma abwana akanati tumizani kwa katswiri, katswiri akanati dikirani, ndipo ikanakhala kuti ndi ija yakhumi, wina akanadzaimanso pa khomo ndi jekete lomukulira.

Anakhala mphindi khumi. Kenako anakonza magalasi awo, anawongola msana, n'kudina.

Psuu. “Mwakodwa.”

Sanadikire kuitanidwa. Anatsegula dirowa, anatulutsa kapu yawo, mankhwala opaka bondo, lumo lawo lodulira zithunzi ndi kabotolo ka guluu, n'kuziika m'katoni. Abwana anatuluka mu ofesi foni ili m'manja, uthenga wa katswiri utawafika kale.

“Amayi, chifukwa chiyani? Munadziwa kuti ndi iyeyo.”

“Ndinadziwa pang'ono.”

“Ndiye?”

“Pang'ono potsalapo ndi pamene panandivuta, mwanangu.”

Abwana analira, koma lamulo analengeza okha pagulu, ndipo sukulu zinali zikuyang'ana. A Musadine anabwera masana, chipewa m'manja, kudzanena kuti sizinali zolimbana ndi munthu, kuti wakuba weniweni akanalemba chimodzimodzi. Mayi Pepani anavomera kuti n'zoona. Ndi pamene pamapweteka nkhaniyi: palibe amene ananama, palibe amene analakwitsa ntchito yake. Anamufunsa katswiriyo ngati amayi ake ali moyo. Anati ali moyo. Anamuuza kuti aziwaimbira.

Lero Mayi Pepani ali pa tebulo lalitali la kuseri, pamene anayambira, akupinda mapepala pafupi ndi phokoso la makina a a Inki. Pa kauntala pali msuweni wa abwana, mayi wachangu amene sanakodwepo n'kamodzi komwe. Wofedwa akalowa amamupatsa fomu ya mafunso asanu ndi awiri ndi cholembera chomangidwa pa chingwe. Kuyambira pamenepo kampani sinaberedwenso. Mapulogalamu a maliro amatulukabe, ena pa nthawi yake, ena mochedwerapo, ndipo onse amadutsa m'manja mwa Mayi Pepani kuti apindidwe. Akaona chithunzi chodulidwa moipa, phewa la munthu wina likuonekera pambali pa malemu, amangochiyang'ana, n'kupinda.

Nkhani ya chibwenzi ija inawapeza mochedwa, monga zimakhalira kuti mwini nkhani amamva pomaliza. Tsiku lina popita kokwerera basi, wometa tsitsi wa pakona anasiya mutu wa munthu uli theka n'kutulukira pa khomo, makina akulira m'manja.

“Amayi, tamva! Woyendetsa ndege uja akubwera liti kudzakutengani? Mutisiyire adiresi!”

Amayi a zikwama za mafoni anaseka mpaka kugwira tebulo. Mayi Pepani anaima, anasinthira chikwama kudzanja lina, n'kumuyang'ana wometayo kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

“Ine amandilembera ndi anamfedwa, achimwene, osati zibwenzi. Ndipo tsiku limene kwanu kudzagwe zovuta, mudzapemphere kuti kalata yanu idzapeze chitsiru ngati ine choitsegula. Kamalizeni mutu wa mwiniwakeyo.”